Vanila watsika mtengo kunja, koma kabotolo ka m'golosale sikadamve

Loweruka likafika m'mbali mwa nyanja, kuyambira pa boma la Mangochi kudzera pa Nkhudzi mpaka ku Monkey Bay, sikusowa ukwati, chinkhoswe kapena phwando la mwana amene wakhoza mayeso. Ndipo masiku ano mwambo wopanda keke anthu amauona ngati ndiwo zoiwalika mchere. Amayi amene amaphika makekewa, ena m'mauvuni a magetsi, ena pambaula makala pansi makala pamwamba, ali ndi kabotolo kamodzi komwe sasiyana nako. Timadontho take tochepa timapha fungo la mazira n'kubweretsa kafungo kaja kamene kamaitana munthu akadali kumsewu. Pakabotolopo pamalembedwa kuti vanila.

Ambiri mwa ogula sadziwa kuti limeneli ndi dzina la mbewu, ndipo kuti mbewuyo ili m'gulu la zokometsera chakudya zodula kwambiri padziko lonse lapansi. M'chaka cha 2018 kilogalamu imodzi ya vanila wouma idafika pa madola 600 a ku America, kuposa mtengo wa siliva pa nthawiyo. Dola imodzi inkasinthidwa ndi ndalama pafupifupi K730, kutanthauza kuti kilogalamu imodziyo inali ndalama zoposa K400,000. Chaka chomwecho mlimi wa fodya ku okushoni kuno kwathu, tikaphatikiza mitengo yonse, ankalandira ndalama zosakwana madola awiri pa kilogalamu.

Koma pofika 2024 golide wonunkhirayu adali atagwa chagada. Vanila wabwino ankagulitsidwa pansi pa madola 100 pa kilogalamu, ndipo alimi ake ambiri adatsala manja ali m'khosi. Apa pakubuka mafunso awiri amene akukhudza mabanja a kuno. Loyamba nlakuti, ngati vanila wagwa chonchi kumene amalimidwa, bwanji kabotolo ka m'golosale kamangokwera mtengo? Lachiwiri nlakuti, ngati mbewuyi imatha kufika pa madola 600, kodi si nzeru kuti mlimi wa kwa Nankumba kapena kwa Mponda aiyeseko?

Vanila ndi chomera choyanga m'mitengo, ndipo ndi m'bale wake wa tizomera tija timene timabereka chinaka, chomwe ena amati chikande. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, komwe anthu a mtundu wa Totonac ankalima kalekale azungu asadafikeko. Azungu atatengera mbewuyi kumaiko ena adakhumudwa: inkakula bwino, n'kuchita maluwa, koma osabereka, chifukwa tizilombo timene timathandiza duwa lake kubereka tidatsala ku Mexico. Amene adamasula mfundoyi ndi mnyamata wa zaka 12, Edmond Albius, yemwe adali kapolo pachilumba cha Réunion. M'chaka cha 1841 iye adapeza njira yokwatitsira duwalo ndi kamtengo kakang'ono komanso chala. Njira yakeyo ndi imene ikugwirabe ntchito mpaka lero, ngakhale mwini wake adamwalira ali mmphawi.

Nkhani ya mtengo imayambira pomwepa, pa thukuta. Mlimi akadzala vanila amadikira zaka zitatu kapena zinayi kuti aone duwa loyamba. Duwalo limatseguka tsiku limodzi lokha, makamaka m'mawa, ndipo mlimi akalephera kulikwatitsa ndi dzanja tsiku limenelo ndiye kuti lapita. Likagwira, pamatuluka chipatso chonga chitheba chachitali chimene chimatenga miyezi pafupifupi 9 kuti chikhwime. Akachithyola sichinunkhira ayi. Amachiviika m'madzi otentha, kuchifunditsa mabulangete kuti chichite thukuta, kuchiyanika padzuwa ndi pamthunzi, kenako kuchisunga m'mabokosi kwa miyezi ingapo mpaka chide ndi kufewa. Pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a vanila wamuwisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya wouma.

Ntchito yotereyi palibe makina amene angaigwire, n'chifukwa chake mbewuyi idakhazikika kumaiko kumene anthu amalandira malipiro ochepa. Dziko la Madagascar, lomwe ndi chilumba chachikulu kutsidya kwa nyanja kuchokera ku Mozambique, ndilo limatulutsa pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 alionse a vanila amene amagulitsidwa padziko. Wambiri amachokera m'chigawo chimodzi cha kumpoto chakum'mawa chotchedwa Sava, komwe kuli matauni a Sambava, Antalaha, Vohemar ndi Andapa. Ena amalima ndi a ku Uganda, Indonesia ndi Papua New Guinea, ndipo ku Tanzania aliko alimi ku Kagera ndi ku Kilimanjaro.

Mbewu imene dziko lonse likudalira chigawo chimodzi imakhala ngati mazira onse m'dengu limodzi loti lanyamulidwa ndi mwana. Anthu a kummwera kwa dziko lino akudziwa bwino zomwe namondwe amachita, poti Freddy, amene adapha anthu mazanamazana kuno mu Marichi 2023, adayamba wadutsa ku Madagascar. Mu Epulo 2000 namondwe wotchedwa Hudah adasakaza Antalaha, ndipo m'zaka zotsatira mtengo wa vanila udakwera mpaka kufika pafupifupi madola 500 cha m'ma 2003. Alimi m'maiko ambiri ataona izi adathamangira kudzala. Makampani ogula nawo adathawira ku vanila wopanga kufakitale. Zotsatira zake, pofika 2005 mtengo udagwa kufika pansi pa madola 50, ndipo udakhala pansipo kwa zaka pafupifupi 10. Alimi ambiri adangozula kapena kuisiya minda kuti imere tchire.

Mbiriyi idadzibwereza ngati gule wa chaka ndi chaka. Mu 2015 makampani akuluakulu opanga chokoleti ndi zakudya zina, monga Nestlé ndi Hershey, adalengeza kuti ayamba kuchotsa zokometsera zopanga m'zina mwa zinthu zawo chifukwa ogula a kumaiko olemera ankafuna zachilengedwe. Ofuna vanila weniweni adachuluka pa nthawi imene minda idali itachepa. Mavenda adayamba kugula ndi kubisa katundu podikira kuti mtengo ukwere. Kenako mu Marichi 2017 namondwe Enawo adagwera m'chigawo chomwechija cha Sava, ndipo mtengo udauluka.

Wina angaganize kuti imeneyo idali nthawi ya chimwemwe chokhachokha kwa alimi. Nzoona kuti nyumba za malata, njinga zamoto ndi masola zidachuluka m'midzi ya ku Sava. Koma walira mvula walira matope. Akuba adachuluka moti alimi ankagona m'minda atanyamula zikwanje, ndipo anthu angapo oganiziridwa kuti aba vanila adaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Alimi ena amadinda chizindikiro chawo pa chitheba chilichonse ndi tisingano chikadali kumtengo, monga mmene ena amadindira ng'ombe. Ambiri, poopa kuberedwa, ankathyola vanila wosakhwima. Choncho pa nthawi imene vanila adali wodula kwambiri m'mbiri yake, ndi pomwenso adali woipa kwambiri. Ogula adalipira ndalama zambiri pa katundu wopanda fungo, ndipo sadaiwale.

Pamene mtengo udayamba kutsika, boma la Madagascar lidachita zimene maboma ambiri amachita, kuphatikizapo lathu. Mu 2020 lidalamula kuti vanila asatuluke m'dzikomo pa mtengo wochepera madola 350 pa kilogalamu, kenako chaka chomwecho lidatsitsa malirewo kufika pa madola 250. Cholinga chidali chabwino: kuteteza mlimi komanso kuonetsetsa kuti ndalama zakunja zikulowa mokwanira. Koma msika udali utanena kale zina. Ogula ena adatembenukira ku Uganda ndi maiko ena komwe kudalibe malire otere. Ena ankalemba madola 250 pamapepala koma n'kubwezeredwa ndalama zina kuseri. Vanila adadzaza m'nyumba zosungiramo katundu, ndipo mlimi kumudzi ankalandira ndalama zochepa zedi poyerekeza ndi zimene boma lidalengeza. Mu Epulo 2023 boma lidagonja n'kuchotsa malirewo, ndipo mtengo udagwa ngati mwala woponyedwa m'nyanja.

Mlimi wa ku Malawi nkhaniyi si yachilendo kwa iye. Chaka chilichonse unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma venda wa sikelo yopachika mumtengo pamsika wa kumudzi amagula pa mtengo wake, ndipo mlimi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sakhala ndi mphamvu yokana. Mu 2009 malemu Bingu wa Mutharika adafika pothamangitsa m'dziko muno akuluakulu ena a makampani ogula fodya powaganizira kuti akuphwanya mitengo imene boma lidakhazikitsa. Ambiri adaombera m'manja, koma patangopita zaka ziwiri, mu 2011, fodya adachuluka ndipo mitengo ku okushoni idaipa kuposa kale. Lamulo la mtengo limagwira ntchito pokhapokha pali wina amene ali ndi ndalama m'manja yogulira katundu yense amene ena akukana.

Vuto lina la Madagascar ndi lakuti ogula ake akuluakulu ndi ochepa: America, France ndi Germany. Mu Epulo 2025 mtsogoleri wa dziko la America, Donald Trump, adalengeza msonkho wa 47 peresenti pa katundu wochokera ku Madagascar. Msonkhowo udaimitsidwa kaye, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho udatsitsidwa kufika pa 15 peresenti, koma m'miyezi ya pakatiyo amalonda adathamangitsa vanila wambiri kupita ku America kuti adutse chipata chisadatsekedwe. Katundu akadzaza kwa wogula, nyengo yotsatira wogulayo sakhala ndi changu. Mlimi wa ku Andapa, amene mwina Washington sadziwa n'komwe kuti ili mbali iti, ndi amene amamva ululu wake.

Tsono vanila amayenda m'njira ziwiri. M'mabuku a msonkho wa pachipata amene maiko ambiri amagwiritsa ntchito, kuphatikizapo Malawi, kuyambira 2012 vanila adagawidwa pawiri: wathunthu ali ndi nambala 0905.10, pomwe wosinja kapena wogaya ali ndi nambala 0905.20. Kusiyanaku kukuoneka kwakung'ono koma m'menemo ndi mmene muli nkhani. Maiko olima amatumiza kunja makamaka vanila wathunthu. Koma m'ndandanda wa maiko amene amagulitsa vanila wogaya mumapezeka maina ngati Germany ndi Netherlands, komwe kuzizira kwake vanila sangalimidwe m'munda. Iwo amagula zitheba, n'kuzigaya, kuzifinya madzi ake, kuziika m'timapaketi tokongola, n'kuzigulitsa pa mtengo wowirikiza. Mitengo ya zitheba ikagwa, iwo phindu limakula, chifukwa m'sitolo satsitsa msanga.

Ufa wa vanila ulinso ndi chinsinsi chake. Wina amagayidwa kuchokera ku zitheba zabwino zathunthu, ndipo ndi wodula. Wina ndi gaga chabe: zitheba zimene zafinyidwa kale kufakitale mpaka fungo lonse latha amaziumitsa n'kuzigaya, ndipo ntchito yake ndi kungoika timadontho takuda mu aisikilimu kuti wodya aganize kuti muli vanila weniweni. Palinso wosakaniza ndi shuga. Ndiye munthu akaona m'mabuku a zamalonda kuti vanila wogaya walowa m'dziko lina pa madola 20 pa kilogalamu ndipo kwina pa mtengo wowirikiza kakhumi, asathamangire kunena kuti wina waberedwa. Nthawi zambiri si katundu mmodzi. Chitheba chathunthu munthu amatha kuchigwira, kuchipinda ndi kuchinunkhiza. Chikasanduka ufa, wogula amangodalira mawu a wogulitsa, monga mmene zimakhalira ndi ufa wa tsabola kapena wa nsinjiro wa m'timapepala pamsika.

Nanga kabotolo kathu kaja? Yankho lake ndi losasangalatsa: m'timabotolo tambiri totchipa timene timapezeka m'magolosale mulibe vanila wa m'munda ngakhale dontho limodzi. Fungo la vanila limachokera makamaka ku mankhwala achilengedwe otchedwa vanillin, omwe m'chitheba chouma amakhalamo pafupifupi magawo awiri okha mwa 100 alionse. Mu 1874 akatswiri awiri a ku Germany, Ferdinand Tiemann ndi Wilhelm Haarmann, adapeza njira yopangira vanillin popanda chitheba. Lero wambiri amapangidwa kuchokera ku mankhwala ochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo China ili m'gulu la maiko opanga kwambiri. Wina amapangidwa kuchokera ku mitengo yopangira mapepala, monga imachitira kampani ya Borregaard ku Norway. Mtengo wake ndi madola makumi ochepa chabe pa kilogalamu, ndipo kilogalamu imodzi imakwanira mabotolo ambirimbiri. Fungo la vanila limene anthu amadya padziko lonse, pafupifupi lonse ndi lopanga. La m'munda ndi kachigawo kakang'ono zedi.

Izi sizikutanthauza kuti mayi wophika keke akunamiza makasitomala ake, kapena kuti kabotoloko n'koopsa. Vanillin wopanga ndi wololedwa m'zakudya, ndipo mu keke yophikidwa pamoto waukulu ndi anthu ochepa amene angasiyanitse. Chofunika n'kuwerenga pachikuto. Mawu achingerezi akuti essence kapena flavour nthawi zambiri amasonyeza kuti ndi wopanga, pomwe extract amayenera kukhala wofinyidwa ku zitheba zenizeni, ndipo mtengo wake umadziwikiratu. Amene amagula weniweniyo kuno ndi mahotela ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja komanso masitolo akuluakulu a m'mizinda.

Choncho kabotolo ka pa Nkhudzi sikamvera zochitika ku Sambava. Kamamvera dola. Zambiri mwa zokometsera zophikira makeke zimalowa m'dziko muno kuchokera ku South Africa, zina m'malole kudzera pa Mwanza ndi pa Dedza n'kukatsikira m'mahosale a ku Limbe ndi ku Lilongwe, zina m'zikwama za anyamata obwerera kuchokera ku Joni, omwe boma la Mangochi lili nawo ambiri. Aliyense mwa amalondawa amafunika ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700. Ndipo poti madola kubanki sankapezeka, amalonda ang'onoang'ono ankakagula pamsika wamseri, komwe kumayambiriro a 2025 dola imodzi idadutsa K4,000. Ndiye ngakhale vanila wa ku Madagascar akadakhala waulere, kabotoloko kakadakwerabe, chifukwa botolo, chivindikiro, pepala, mafuta a lole ndi msonkho wa MRA zonse zimawerengeredwa pa dola.

Ndipotu kwa mayi wa makeke, vanila si amene akumusowetsa tulo. Kabotolo kamodzi kamaphika makeke ambiri. Chimene chikudya mpamba wake ndi ufa wa tirigu, womwe tirigu wake pafupifupi yense amachokera kunja, mafuta ophikira, majarini, ndi shuga amene ngakhale amalimidwa ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima wakhala akusowa m'masitolo nthawi zina. Kabotolo ka vanila ndi kalilole chabe kosonyeza vuto lalikulu: dziko lino limagula kunja katundu wa ndalama zochuluka pafupifupi katatu kuposa zimene limapeza pogulitsa katundu wake. Mu Marichi 2025 boma lidayesa kuletsa kuitanitsa zinthu monga mpunga, ufa wa chimanga, zipatso ndi mkaka pofuna kusunga ndalama zakunja, koma dziko la Tanzania lidabwezera mu Epulo potseka chipata chake kwa katundu wathu, ndipo maiko awiriwa adachita kukhalirana pansi. Kutseka chitseko sikubweretsa dola. Dola imabwera pogulitsa.

Apa ndi pamene funso lachiwiri lija limalowa. Nkhani za mbewu zolemeretsa msanga zimayenda mofulumira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo vanila satsalira. Anthu amatchula madola 600 aja ngati kuti ndi mtengo wa lero, osanena kuti udali wa 2018, wa vanila wouma wosankhidwa bwino, komanso wa padoko osati wa pakhomo pa mlimi. Amene amapindula msanga pa nkhani zotere ndi wogulitsa mbande.

Kunena zoona, nthaka ndi nyengo ya kuno ku nyanja sizigwirizana ndi mbewuyi. Vanila amafuna mvula yambiri, mamilimita 1,500 kapena kuposa pachaka, mpweya wachinyontho, mthunzi wa mitengo ndi nthaka ya manyowa a masamba. Nyengo youma amaifuna yaifupi chabe, yongomudzutsa kuti achite maluwa. M'mbali mwa nyanja ku Mangochi mvula nthawi zambiri sifika mamilimita 1,000, chilimwe chimatenga miyezi 6 kapena kuposa, ndipo dzuwa la Okutobala limawotcha ngakhale chimanga cha kudimba. Madzi a m'mipopi amene bungwe la Southern Region Water Board lidabweretsa kudzera m'ntchito ya pa Nkhudzi Bay ndi akumwa, ndipo amalipiridwa pa mita. Sangathiriridwe m'munda kwa zaka zinayi podikira duwa. Ngati pali madera amene angayeseko m'dziko muno, ndi amvula yambiri monga Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, ndipo kumenekonso munthu wanzeru angayambe wapeza wogula, wophunzitsa kaumitsidwe, ndi mbewu zina zodyetsa banja pa zaka zodikirazo.

Alimi a nandolo a m'chigawo cha kummwera ndi kum'mawa, kuphatikizapo Mangochi ndi Machinga, adaphunzira kale phunziro la Sava popanda kuwoloka nyanja. Cha m'ma 2015 ndi 2016 dziko la India lidakolola nandolo wochepa ndipo mitengo kuno idakwera moti ena adachepetsa chimanga n'kudzaza minda ndi nandolo. Mu Ogasiti 2017 India, atakolola wake wambiri, adaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwake. Mtengo kuno udagwa kufika pafupifupi K100 pa kilogalamu, m'madera ena kutsikirapo, mpaka mu 2018 boma lidalamula ADMARC kuti ilowererepo. Mu 2021 maiko awiriwa adasainirana mgwirizano woti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, koma mlimi amene adagulitsa mbuzi kuti alipire aganyu mu 2017 mgwirizanowo sudamubwezere kanthu. Kusiyana kwake nkwakuti nandolo akakanika kumsika amaphikidwa n'kudyera nsima. Vanila sadyera nsima.

Chodabwitsa n'chakuti ufa umene maiko olemera akuufuna uli kale pakhomo. Aliyense woyenda mumsewu wa Mangochi kupita ku Monkey Bay amaona milambe ikuluikulu mbali zonse ziwiri, ndipo nyengo yokolola ikafika matumba a malambe amandandalikidwa m'mphepete mwa msewu kudikira mavenda opita nawo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene amatulutsa malambe ambiri m'dziko muno. Mu 2008 maiko a mu European Union adavomereza kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa ngati chakudya kwawoko, bungwe la PhytoTrade Africa litapempha, ndipo mu 2009 America nayo idatsegula khomo. Kumeneko ufawu umagulitsidwa m'timapaketi ngati chakudya chopatsa thanzi, chifukwa uli ndi vitamini C wambiri. Kuno ana amayamwa m'mafilizesi a pasukulu, ndipo makampani ena a m'dziko muno amapangira juwisi.

Mlambe sufuna kuthirira, sufuna feteleza wa makuponi, ndipo duwa lake safuna kulikwatitsa ndi dzanja, poti mileme ndi tizilombo ta usiku timagwira ntchitoyo. Chipatso chake chimauma chokha m'chigoba chikadali mumtengo. Komabe matenda amene adagwira vanila akuonekeranso pano. Wotola malambe, amene nthawi zambiri ndi mayi kapena mwana, amagulitsa pa thumba kapena pa ndowa, ndipo ndalama yeniyeni imayamba kuoneka pamene chigoba chaswedwa, ufa walekanitsidwa ndi nthanga, wasefedwa ndi kupakidwa. Mavenda akachuluka, ena amagwetsa malambe osauma poopa kuti anzawo awatsogolera, ndipo malambe otere amachita nkhungu m'thumba. Wogula wa ku Ulaya akapeza nkhungu kapena mchenga mu ufa kamodzi kokha, sabweranso, ndipo malambe ali ku Mozambique, Zimbabwe, Senegal ndi maiko ena ambiri.

Magulu ngati Zankhalango Association, imene imasonkhanitsa otola malambe ku Mangochi, akusonyeza kumene njira ingalowere: kugulitsa pamodzi, kusunga pouma, ndi kukonza ufa kuno konkuno. Koma gulu la kumudzi palokha silingalipire zonse zimene msika wakunja umafuna. Pamafunika nyumba yaukhondo yogayiramo, magetsi odalirika, chiphaso cha bungwe loona za miyezo la MBS, komanso chiphaso chotsimikiza kuti katunduyo ndi wachilengedwe, chomwe oyendera ake amalipidwa pa dola. Boma lidakhazikitsa ndondomeko yachiwiri yolimbikitsa kugulitsa katundu kunja, ya 2021 mpaka 2026, imene imakamba zambiri za kuwonjezera phindu pa zokolola. Zolembedwazo n'zabwino. Chimene mayi wa kwa Nankumba angachione ndi maso ndi sefa, sikelo yoona ndi shedi yosadontha.

Palinso nkhani imene anthu saikonda kuikamba. Milambe yambiri imene ikubereka lero idamera agogo a agogo athu asadabadwe, ndipo timitengo tating'ono sitioneka kawirikawiri chifukwa mbuzi, moto ndi khasu zimatitha tisadakule. Malo a m'mbali mwa nyanja nawo akugulidwa ndi kutchingidwa mipanda ya njerwa, ndipo mlambe umene dzulo unali wa mudzi wonse lero uli m'kati mwa poloti ya munthu wa ku Blantyre. Mtengo wa ufa ukakwera, funso lakuti mlambe uwu ndi wa yani lidzafika pabwalo la amfumu, monga mmene ku Sava funso la mwini chitheba lidafikira pa chikwanje.

Ku Uganda, boma limalengeza tsiku loyambira kuthyola vanila nyengo iliyonse, ndipo wopezeka ndi vanila wamuwisi tsikulo lisadafike amaonedwa ngati wakuba kapena wogula zakuba. Lamuloli silikhudza mtengo ayi, limangoteteza ubwino wa katundu, ndipo ndi limodzi mwa zinthu zimene zidathandiza kuti ogula ayambe kukhulupirira vanila wa ku Uganda pa nthawi imene Madagascar inkalimbana ndi malire ake a madola 250. Anthu a kunyanja lamulo lotere amalidziwa kale, chifukwa chaka chilichonse kuyambira pa 1 Novembala asodzi amaletsedwa kuponya makoka kummwera kwa nyanjayi kuti chambo chiswane, ndipo makomiti a m'madoko ndi amene amayang'anira. Mafumu ndi makomiti a zankhalango a m'midzi yozungulira Nkhudzi angathe kugwirizana za tsiku loyambira kugwetsa malambe popanda kudikira kalata yochokera ku Capital Hill.